Ziphuphu Zakumaso kwa Akuluakulu: Zomwe Mungachite Pakhomo Popanda Mankhwala

Ambiri timaganiza kuti ziphuphu ndi za achinyamata ongotha msinkhu, ndipo munthu akakhwima zimatha zokha. Kwa ena zimathadi. Koma alipo amayi a ana atatu, aphunzitsi, amalonda a pamsika, ngakhale abambo a ndevu zawo, amene sabata siitha osapeza chatsopano pachibwano. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2008, yemwe anafunsa anthu oposa 1,000, anapeza kuti mwa amayi a zaka za m'ma 30, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi ziphuphu, ndipo mwa a zaka za m'ma 40 anali mmodzi mwa anayi. Mwa abambo a zaka za m'ma 30 anali mmodzi mwa asanu. Choncho ngati muli ndi zaka 35 koma nkhope ikukuvutanibe, simunalodzedwe, si uve, ndipo si zija amasereulana anthu kuti thupi likufuna banja.

Kabuku kano sikakutumani kukagula mankhwala. Mwa zonse zimene munthu angachite pakhomo, zothandiza kwambiri ndi zosiya: kusiya kukhula nkhope, kusiya kufinya, kusiya kudzola zina zimene mwazolowera. Kenaka kudikira, pakuti khungu silisintha msanga.

Chiphuphu chimayamba bwanji

Pakhungu pali timabowo ting'onoting'ono momwe mumamera ubweya, ndipo m'kati mwa kabowo kalikonse muli kathumba kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Timatumbati tachuluka kumaso, pachifuwa ndi kumsana. Mafuta akachuluka n'kusakanikirana ndi khungu lakufa lomwe limafunduka tsiku ndi tsiku, kabowo kaja kamatsekeka. Kakatsekeka pakamwa pali potsegula, pamwamba pake pamada, ndipo ambiri amayesa litsiro. Kudako kumabwera chifukwa mafutawo akhudzana ndi mpweya, sopo sangakuchotse. Kakatsekekeratu, tizilombo tina totchedwa Cutibacterium acnes, tomwe timakhala pakhungu la munthu aliyense, timaswana m'katimo. Thupi limatumiza asilikali ake, malowo amatupa, amapweteka, ndipo mafinya amasonkhana.

Chimene chimalamula kuchuluka kwa mafutawo ndi mahomoni, makamaka aja otchedwa androgen, omwe amapezeka mwa abambo ndi amayi omwe. Kumtundu nakonso kumathandizira: ngati mayi kapena bambo anu ankavutika nazo, mwayi woti inunso muvutike ndi waukulu. Dziwaninso kuti chiphuphu chimene mwachiona lero chinayamba kupangika pansi pakhungu masabata angapo apitawo. N'chifukwa chake kuloza chala chakudya cha dzulo nthawi zambiri kumakhala kunamizira.

Kusukusula

Kawiri patsiku n'kokwanira: m'mawa ndi madzulo. Onjezeranipo kamodzi ngati mwatuluka thukuta lambiri, monga pochokera kumunda, kumpira, kapena m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Madzi akhale ofunda pang'ono kapena ozizira, osati otentha. Pakani sopo ndi nsonga za zala mozunguliza, mosakanikiza, kwa kanthawi kosakwana mphindi imodzi, tsukuluzani bwinobwino, ndipo pukutani mongogunditsa kansalu koyera.

Chinkhupule, mwala wosambira ndi kansalu kokhakhala ndi za kumsana ndi kumapazi. Kumaso zimakanda khungu, zimaphulitsa tiziphuphu tomwe tikadauma tokha, ndipo nkhope imatupa kwambiri. Sopo wochapira zovala, uja wa mtanda, ndi waukali: amakokolola mafuta onse, nkhope n'kuuma gwa, kenaka n'kuyamba kuyabwa ndi kusuwa. Ngati mukasukusula nkhope ikumveka yokokeka ngati yachepa, sopoyo sakukuyenerani. Funani sopo wosambira wofatsa, wopanda fungo lamphamvu. Sopo wolembedwa kuti amapha tizilombo sapambana wamba pa nkhani ya ziphuphu, ndipo ena amaumitsa khungu koposa.

Kansalu kopukutira kumaso kakhale kanukanu. M'nyumba zambiri thaulo limodzi limapukuta mutu wodzola mafuta, thupi lonse, kenaka nkhope, n'kupachikidwa kuseri kwa chitseko lili lonyowa. Dulani kachidutswa ka chitenje chakale chofewa, muzichapa pafupipafupi ndi kuyanika padzuwa. Nsalu ya pilo ichapidwe kamodzi pasabata, kapena yalanipo kansalu koyera komwe mungamasinthe masiku awiri kapena atatu alionse.

Zodzola ndi mafuta a tsitsi

Yang'anani pomwe ziphuphu zanu zili. Ngati ndi timibulu tambirimbiri tofanana, tandandalika pamphumi ndi m'mbali mwa makutu motsata malire a tsitsi, kayikirani mafuta a m'mutu. Vutoli madokotala a khungu analilemba kale mu 1970, ataliona mwa abambo akuda a ku America amene ankadzola mafuta olimba m'tsitsi tsiku ndi tsiku. Mafuta aja dzuwa likawomba amasungunuka n'kutsikira kumaso. Usiku amapakika papilo, m'mawa ali patsaya. Podzola m'mutu siyani mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera m'malire a tsitsi, sambani m'manja mukatha, ndipo pogona mangani duku loyera. Wigi kapena meshi yogwera pamphumi imasunga thukuta ndi mafuta pomwepo. Ikokereni kumbuyo mukakhala pakhomo.

Mafuta olimba odzola m'thupi, monga Vaseline ndi mafuta a kokonati, ndi abwino kumiyendo ndi m'zigongono, makamaka nthawi yozizira khungu likamatuwa. Pankhope ya ziphuphu achepetseni kapena asiyeni. Ngati nkhope ikuuma, dzolani pang'ono mafuta opepuka, amadzimadzi, olowa msanga. Pogula yang'anani mawu akuti non-comedogenic kapena oil-free pabotolo. Amatanthauza kuti opanga anayesetsa kuti asatseke timabowo ta khungu. Phauda ndi zina zophodera musagone nazo, ngakhale mutatopa chotani pochokera ku ukwati, ndipo kasiponji kopakira kazichapidwa sabata iliyonse. Kubwerekana kasiponjiko pa chinkhoswe n'chizolowezi chofunika kuchisiya.

Ntchito zinanso zimadzoza munthu mafuta iye osafuna. Wokazinga tchipisi pachiwaya kapena mandasi amakhala tsiku lonse mu nthunzi ya mafuta. Makaniko amapukuta thukuta ndi dzanja la oyilo. Wakabaza wa njinga yamoto amakhulidwa ndi lamba wa chipewa pachibwano kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ntchito simungaisiye, koma mukaweruka sukusulani musanachite china chilichonse, ndipo nsalu ya m'kati mwa chipewa ndi lamba wake muzizichapa.

Manja anu

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Chiphuphu chikapsa n'kuonetsa mutu woyera, zala zimapita zokha. Mukafinya, mafinya ena amatulukadi, koma ena amaphulikira m'kati, n'kufalitsa kutupa m'mbali. Chiphuphu chomwe chikadatha m'masiku ochepa chimasanduka bala. Ndipo khungu lakuda lili ndi khalidwe lake: pamene patupa kapena pavulala, limatulutsa mtundu wochuluka, n'kusiya banga lakuda. Chiphuphucho chimapita sabata imodzi, koma bangalo limatha miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Mukafunsa amayi ambiri chimene chimawawawa mtima, sanena ziphuphu, amanena mawangawa. Ena khungu lawo limapanga zipsera zotupa, zolimba, zomakulirakulira, makamaka m'nsagwada, pachifuwa ndi m'mapewa. Ngati kwanu kuli anthu otupa zipsera akaboola makutu, inu ndiye musayerekeze n'komwe kufinya.

Chiphuphu chachikulu chopweteka chitani nacho chonchi. Chikangoyamba, kulungani kachidutswa ka ayisi m'kansalu, kapena nyowetsani kansalu m'madzi ozizira a mumtsuko, n'kugwiriza pamalopo kwa mphindi zingapo kuti ululu ndi kutupa zichepe. Chikayamba kuonetsa mutu, thowani ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, katatu patsiku. Chimaphulika chokha. Chikatero pukutani mafinya mofatsa, sambitsani, musiye. Singano, minga ndi lezala zisayandikire. Samalani kwambiri ndi chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba: mitsempha ya magazi ya pamenepa imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu, ndipo ngakhale sizichitika kawirikawiri, matenda atha kulowera mkati.

Palinso kugwiragwira kosadziwa: kutsamira chibwano padzanja m'tchalitchi kapena mu ofesi, kukanda nkhanambo mukuonera kanema, foni yothimbirira thukuta yokanikiza patsaya. Wengani zikhadabo. Ngati kalilole ndiye amakuyambitsani, mudziyang'ane muli chapatali, osati mphuno itagunda galasi.

Mafuta oyeretsa khungu

Mawanga akuda aja ndiwo amakokera anthu ambiri ku mafuta oyeretsa. Mnzanu amakuuzani kuti pali kachubu kena pamsika kochotsa mabala m'sabata imodzi, kapena wogulitsa amakusakanizirani zake m'kabotolo kopanda dzina. Mukadzola, masiku oyambawo zimaoneka ngati zatheka: kutupa kwaphwa, nkhope yasalala, yawala. Anthu ayamba kukufunsani chomwe mukudzola.

Zambiri mwa zodzolazi zimakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, omwe kuchipatala amaperekedwa kwa masiku owerengeka pa matenda ena a khungu. Amaphwetsa kutupa msanga, n'chifukwa chake amanyenga. Mukapitiriza kwa masabata ndi miyezi, iwo omwewo amabala ziphuphu zamtundu wina: timibulu tambiri tofanana kukula, totuluka nthawi imodzi kumaso, pachifuwa ndi kumsana. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, ubweya umamera m'masaya, zipere zimafala, ndipo mukayenda padzuwa nkhope imawotcha. Mukayesa kusiya, nkhope imafiira, imayabwa, imatuluka zambiri kuposa kale, ndiye mumabwereranso kukagula. Wogulitsa wapeza kasitomala wa zaka.

Zina zimakhala ndi hydroquinone. Ameneyu akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa khungu lomwe ankayenera kuliyeretsa: m'masaya ndi pamphumi pamabwera mawanga akuda bii, okhakhala, ovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzoladzola zogulitsidwa wamba. Zinanso zimakhala ndi mercury, yemwe amalowa m'magazi n'kuwononga impso ndi ubongo, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Werengani chubu musanadzole. Koma dziwani kuti zosakaniza za pamsika sizilemba zoona zonse, ndipo kabotolo kopanda dzina simungadziwe zomwe muli.

Ngati mwangodzola masiku ochepa, siyani lero. Ngati mwakhala mukudzola kwa miyezi kapena zaka, makamaka thupi lonse, pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kutha kudwalitsa thupi lomwe lazolowera steroid. Yembekezerani kuti masabata oyamba nkhope iipa isanayambe kuchira. Ambiri amagonja pamenepa, atatsala pang'ono kuwoloka.

Nanga mawangawo? Amazilala okha ngati ziphuphu zatsopano zasiya kutuluka ndipo dzuwa silikuwapsereza. Dzuwa limadetsa banga lililonse. Valani chipewa cha khonde kumunda ndi pamsika, fundani ambulera, khalani pamthunzi masana. Amene angathe kugula mafuta oteteza kudzuwa asankhe a SPF 30 kapena kuposerapo, opepuka.

Za kukhitchini ndi za kubafa

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda malangizo ambiri. Mandimu ndi asidi. Amawotcha khungu, ndipo madzi ake akakhala pankhope munthu n'kupita padzuwa, pamatha kutuluka matuza osiya banga loposa loyamba lija. Adyo wosinja womatidwa pachiphuphu amapsereza ngati moto. Mankhwala otsukira mano, soda, phulusa, mchere ndi spiriti zimaumitsa ndi kunyeketsa khungu. Kuwawa si umboni woti chinthu chikugwira ntchito.

Uchi weniweni ndi madzi oyera a m'kati mwa tsamba la alovera sizipweteka anthu ambiri, ndipo zitha kuziziritsa khungu lotupa, koma musayembekezere kuti zithetsa ziphuphu. Ngati mukufuna kuyesa, pakani kaye pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire tsiku lathunthu. Pa alovera tayani utomoni wachikasu uja wotuluka mukangodula, chifukwa umayabwa.

Chakudya

Mtedza wanamiziridwa kokwanira. Palibe umboni wolimba woti mtedza, mazira kapena mapeyala zimabweretsa ziphuphu, ndipo mafuta a m'ndiwo sayenda kuchoka m'mimba kukatulukira pamphumi. Banja lisasiye nsinjiro chifukwa cha nkhope ya munthu mmodzi.

Pomwe umboni ulipo ndi pa shuga ndi zakudya zoyeretsedwa kwambiri. Zimenezi zimakweza shuga wa m'magazi mofulumira, thupi limatulutsa insulin wambiri, ndipo insulin amasonkhezera mahomoni aja ochulukitsa mafuta pakhungu. Mu 2002 ofufuza analemba za anthu 1,200 a pachilumba cha Kitava ku Papua New Guinea, omwe chakudya chawo chinali mbatata, zilazi, zipatso, nsomba ndi kokonati: sanapeze ndi mmodzi yemwe wa ziphuphu, ngakhale mwa achinyamata. Mu 2007 ku Australia, anyamata 43 anagawidwa pawiri kwa masabata 12, ndipo amene anachepetsa zakudya zokweza shuga msanga ziphuphu zawo zinachepa kuposa anzawo. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, choncho si lamulo kwa aliyense, koma kuyesa sikuwononga kanthu.

Kwathu kuno shugayo amabisala mu tiyi wa masipuni anayi, zakumwa za m'mabotolo, sobo, buledi woyera, mabisiketi, mandasi ndi thobwa lothira shuga wambiri. Yambani ndi tiyi: chotsani sipuni imodzi sabata ino, ina sabata yamawa. M'malo mwa buledi, m'mawa idyani mbatata yophika, maungu kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga amene ufa woyera unataya, ndipo mukachepetsa mtanda umodzi n'kuchulukitsa nyemba, nandolo, usipa ndi masamba, shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe aja alangizi amaphunzitsa kusikelo, palibe chachilendo.

Za mkaka, kafukufuku wa mu 2005 wa anamwino oposa 47,000 a ku America, wotsogoleredwa ndi dokotala wa ku Nigeria Clement Adebamowo, anapeza kuti amene ankamwa mkaka wambiri ali atsikana, makamaka wochotsedwa mafuta, ankavutika ndi ziphuphu mochulukirapo. Izi sizikutsimikiza kuti mkaka ndiwo unayambitsa. Ngati mumamwa makapu angapo patsiku, yesani kuchepetsa kwa miyezi iwiri muone. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asasiye mkaka pa chifukwa chimenechi. Anyamata onyamula zitsulo adziwe kuti ufa womanga minofu wopangidwa kuchokera ku mkaka umatulutsa ziphuphu mwa ena, ndipo mapiritsi kapena jakisoni wokulitsa minofu ndiye woipiratu.

Msambo, kulera, nkhawa ndi tulo

Amayi ambiri amaona ziphuphu zikuwonjezeka kutatsala sabata kuti apite kumwezi, makamaka pachibwano ndi m'nsagwada. Zimenezi ndi mahomoni, ndipo zimaphwa zokha. Lembani pakalendala miyezi iwiri kapena itatu. Mukadziwa nthawi yake simudzathamangira kugula chatsopano mwezi uliwonse. Pathupi naponso pamasintha khungu, ena kusalala, ena kutuluka zambiri.

Njira zina zolera, monga jakisoni wa miyezi itatu ndi kachipangizo ka pamkono, zimawonjezera ziphuphu mwa amayi ena. Musasiye kulera mwa inu nokha. Kambiranani ndi anamwino a kulera, pakuti njira zilipo zingapo. Chimodzimodzi mankhwala ena a TB, a khunyu ndi prednisolone: atha kutulutsa ziphuphu, koma kuwasiya n'koopsa kuposa ziphuphuzo. Auzeni adokotala.

Nkhawa imawonjezera moto. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anaona mu 2003 kuti ziphuphu za ophunzira zinkakula nthawi ya mayeso. Kuuza munthu wa ngongole ndi fizi kuti asade nkhawa n'kosavuta kunena. Chomwe mungachigwire ndi tulo: ikani foni patali, mugone maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu.

Kwa abambo: si zonse zili ziphuphu

Timibulu totuluka m'khosi ndi m'masaya mukameta ndevu kawirikawiri si ziphuphu. Tsitsi lathu ndi lopotana; likametedwa mpaka pakhungu, nsonga yake yakuthwa imapinda n'kubaya khungu, pamalopo n'kutupa. Mankhwala ake enieni ndi kusiya ndevu zikule kwa mwezi umodzi. Ngati ntchito siilola, metani ndi makina kapena sizasi mosiya tiziputu, osati ndi lezala. Mukagwiritsa lezala, fewetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu, metani motsata komwe tsitsi lagonera, musakoke khungu, ndipo musabwereze pamodzimodzi. Timibulu tolimba ta kunkhongo nato timakula ndi mpala ndi kolala yothina. Muuzeni wometa kuti asapale kunkhongo, ndipo onetsetsani kuti makina awatsuka asanakumeteni nawo.

Mudikire nthawi yaitali bwanji, ndipo mupite liti kuchipatala

Perekani masabata 8 mpaka 12 musanaweruze. Jambulani nkhope ndi foni lero, pamalo owala, kenaka kamodzi pamwezi pamalo omwewo. Maso a tsiku ndi tsiku saona kusintha. Musasinthe sopo ndi mafuta sabata iliyonse, chifukwa simudzadziwa chomwe chathandiza kapena chawononga.

Njira za m'kabuku kano zimathandiza ziphuphu zochepa ndi zapakatikati. Pali zina zofunika chipatala, ndipo kuchedwa kumasiya zipsera zosatha. Pitani ngati ziphuphu ndi zikuluzikulu, zozama, zopweteka ngati zithupsa; ngati zayamba kusiya maenje kapena zipsera zotupa; ngati miyezi itatu yatha popanda kusintha; kapena ngati nkhope yakusowetsani mtendere mpaka mukupewa anthu. Mayi amene ziphuphu zabwera pamodzi ndi msambo wodumphadumpha, ndevu kapena kuvutika kutenga pathupi akapimidwe, chifukwa gwero litha kukhala m'thumba la mazira. Timibulu toyabwa kwambiri m'mikono ndi m'miyendo si ziphuphu wamba, ndipo ndi bwino kukayezetsa magazi. Zotuluka mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, kapena nkhope yotupa mbali imodzi mpaka kudiso, n'zopita tsiku lomwelo.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa oona za khungu kuchipatala cha boma kapena kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Musagule makapisozi pamsika kapena kumwa otsala a mnzanu; ena mwa mankhwala a ziphuphu amavulaza mwana m'mimba, choncho ngati muli ndi pathupi kapena mukuyembekezera kutenga, nenani poyambirira. Popita tengani m'jumbo chilichonse chimene mwakhala mukudzola kumaso ndi m'mutu, ngakhale kabotolo kopanda dzina kaja, ndipo muwauze adokotala nthawi imene mwakhala mukudzola chilichonse mwa izo.